Kamera pa windo, njovu pa dziwe: ulendo wa ku Hwange m'chaka cha chilala

Pofika Okutobala, nkhalango ya Hwange kumadzulo kwa Zimbabwe imakhala itayera mbee. Udzu watha, masamba a tsanya ayoyoka, ndipo mchenga wa Kalahari umene wayala mbali yaikulu ya nkhalangoyi umatentha mpaka kumveka m'kati mwa nsapato. Munthu amene walowa pa Main Camp ndi galimoto yake, popanda womutsogolera, savutika kupeza njovu. Amangoyenda makilomita pafupifupi 10, n'kufika pa dziwe la Nyamandhlovu, n'kukwera pa nsanja yoonerapo nyama. Dzuwa likapendeka zimayamba kutulukira m'tchire, banja ili kutsogolo, lina pambuyo pake, zina zikuthamanga pang'onopang'ono chifukwa zamva fungo la madzi, fumbi lili koboo kumbuyo kwawo.

Ojambula zithunzi amaikonda nyengo imeneyi, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. M'dzinja nyama zimamwazikana, zimamwa m'zithaphwi kulikonse, ndipo munthu atha kuzungulira tsiku lathunthu n'kungoona nswala ndi nkhanga. M'chilimwe, makamaka chaka chimene mvula inalephera, chamoyo chilichonse chimakakamizika kubwera pa malo ochepa amene pali madzi. Mlendo amaona zambiri chifukwa nyamazo zasowa kolowera. Amene wamvetsa zimenezi amayendetsa galimoto mosiyana ndi mnzake amene wangobwera kudzasaka chithunzi.

Hwange ndi yaikulu masikweya kilomita oposa 14,600, moti Liwonde, yomwe ndi 548, ingalowemo maulendo 26. Koma pamene Liwonde ili ndi Shire, mbali yaikulu ya Hwange ilibe mtsinje woyenda chaka chonse. Kale njovu zinkangodutsamo m'dzinja, maiwe akauma n'kubwerera ku mitsinje ikuluikulu. Ted Davison, amene anapatsidwa udindo woyang'anira malowa mu 1928 ali ndi zaka 22, anaona kuti popanda madzi nyama sizidzakhazikika. Anayamba kukumba mijigo m'zaka za m'ma 1930, n'kumapopera madzi m'maiwe. Nzeru imeneyo inagwira ntchito mopitirira muyeso. Mu 2023 akuluakulu a ZimParks, bungwe loyang'anira nkhalango za dzikolo, ankati m'Hwange muli njovu pafupifupi 45,000, pamene malowa angasunge bwino 15,000. Mijigo yopopa ndi mphamvu ya dzuwa inali 104 pamene chilala cha 2023 chinkafika.

Njovu yaikulu imodzi itha kumwa malita 200 pa tsiku. Pampu ya sola imapopa bwino dzuwa likamawala, n'kuleka usiku pokhapokha pali mabatire kapena injini ya dizilo yothandizira, pamene njovu zimamwa mpaka m'bandakucha. N'chifukwa chake mlendo wofika m'mawa amapeza maiwe ena atasanduka matope okhaokha, njovu zingapo zitaunjikana pamene paipi imatulutsira madzi, zikulimbirana madzi oyera asanagwere m'thopemo.

Mu Disembala 2023, mvula itachedwa chifukwa cha El Niño, bungwe loteteza nyama la IFAW linalengeza kuti njovu zosachepera 100 zafa m'nkhalangoyi. Pofika Januwale 2024 chiwerengero chinali chitafika 160. Mu 2019 zinafa zoposa 200. Chilala cha 2023 ndi 2024 sichachilendo kwa owerenga a kuno ku Malawi: ndi chomwe chinapangitsa Zambia kulengeza ngozi mu Febuluwale 2024, Malawi mu Malichi m'maboma 23 mwa 28, ndi Zimbabwe mu Epulo. Chimanga chimene chinapserera ku Balaka ndi udzu umene sunamere ku Hwange zinakanthidwa ndi dzuwa limodzi.

Zambiri mwa njovu zimenezi sizifa ndi ludzu lokha. Chimene chimazimaliza ndi njala. Njovu imadya makilogalamu oposa 100 pa tsiku, ndipo zikamasonkhana pa maiwe omwewo mwezi ndi mwezi, zimadya chilichonse chozungulira: masamba, nthambi, makungwa, mizu. Ndiye tsiku lililonse mtunda wa pakati pa madzi ndi chakudya umatalika. Zamphamvu zimapirira. Zokalamba zimene mano atha, ndi ana ongosiya kuyamwa, zimalefuka panjira, kapena zimatitimira m'thope n'kulephera kudzuka. Wodziwa kuyang'ana amaona njala pa thupi la njovu: m'mbali mwa mutu mwalowa, msana watuluka ngati mzere, mafupa a m'chiuno aonekera, khungu likulendewera.

Izi zimakhudza woyendetsa galimoto mwachindunji. Nyama imene yayenda makilomita ambiri padzuwa ilibe mphamvu zotaya. Gulu la mbidzi limaima patali ndi dziwe mwina theka la ola, likuyang'ana uku ndi uku, kuyandikira mapazi ochepa, kuima, kubwerera, kuyambiranso. Galimoto ikafika mwaliwiro pa nthawi imeneyo, kapena wina akamenyetsa chitseko, mbidzi zija zimabalalika n'kuyambanso pachiyambi, ndipo nthawi zina zimachoka osamwa. Wojambula wataya chithunzi chimodzi. Mbidzi yoyamwitsa yataya madzi a tsiku lonse. Ndi pano pamene mlembi wa nkhani ino sagwirizana ndi anthu amene amati mlendo saononga kanthu bola sanatuluke m'galimoto.

Luso lenileni la nyengo ya chilala ndi kuima. Alendo atsopano amafuna kuzungulira maiwe onse tsiku limodzi, kuchoka ku Nyamandhlovu kupita ku Guvalala, kubwerera, kuthamangira ku Kennedy ndi Ngweshla, n'kufika ku kampu madzulo atatopa, kamera yodzaza ndi matako a nyama zothawa. Ozolowera amasankha dziwe limodzi, kuimika galimoto pamalo pabwino, kuzimitsa injini, n'kudikira maola atatu kapena anayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita mphindi zingapo mbalame zimayambanso kulira, njiri zimatuluka mchira uli m'mwamba, ndipo galimoto ija imasanduka chinthu chosaopsa m'maso mwa nyama.

Pamalo pabwino ndi pati? Choyamba, pasakhale pa njira ya nyama. Dziwe lililonse lili ndi tinjira topondedwa bwino tochokera m'tchire mbali zonse, ndipo ta njovu timaoneka patali chifukwa ndi tosalala komanso todzaza ndowe. Galimoto yoima pamene njira yotere imadutsa msewu yatseka pakhomo. Chachiwiri, dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula ngati akufuna mtundu weniweni wa nyama, kapena kutsogolo ngati akufuna fumbi lowala. Chachitatu, galimoto iyang'ane kotulukira, kuti njovu ikapsa mtima pasakhale zobwerera m'mbuyo mumchenga.

Dziwe la m'chilala limafanana ndi mjigo wa m'mudzi pamene zitsime zina zonse zauma: pali ofika m'mamawa, pali olanda mzere chifukwa cha mphamvu, pali odikira pambali mpaka akuluakulu atachoka. M'mawa kwambiri mumabwera njiwa ndi mbalame zina zambirimbiri, ndipo mikango imene yasaka usiku imamwa isanakagone. Dzuwa likakwera pang'ono zimafika mbidzi, nyumbu, nswala ndi ngoma. Kadyansonga amatenga nthawi yaitali kuposa onse, chifukwa kuti amwe ayenera kutangadza miyendo yakutsogolo n'kutsitsa mutu, ndipo akatero sangathawe msanga. Mphalapala ndi chilembwe, zimene ojambula ambiri amabwerera ku Hwange, zimakonda kufika masana dzuwa lili pamutu. Madzulo ndi a njovu. Katswiri wa zachilengedwe Marion Valeix, amene anafufuza za maiwe a m'nkhalango yomweyi, anapeza kuti nyama zina zimasuntha nthawi yomwera kuti zipewe njovu komanso mikango. Mlendo amene wakhala pa dziwe limodzi kuyambira m'mawa amaziona yekha zimenezi.

Mikango nayo imadziwa kumene chakudya chikubwera chokha. Ofufuza a ku yunivesite ya Oxford, amene akhala akutsatira mikango ya ku Hwange kuyambira 1999, anaonetsa kuti nyama zambiri zimagwidwa pafupi ndi maiwe, ndiponso kuti m'zaka za mvula yochepa mikango imapha ana a njovu ochuluka, amene amatsalira m'mbuyo pa maulendo ataliatali aja. Wofuna mkango asamangoyang'ana pamadzi. Ayang'ane pansi pa mthunzi uliwonse wozungulira dziwe, kuseri kwa chulu, pansi pa mtengo wogwa. Mkango wogona umafanana ndi udzu wouma, ndipo kawirikawiri chimene chimauulula ndi khutu logwedezeka kapena nsonga yakuda ya mchira.

Makutu amathandiza kuposa maso, n'chifukwa china chozimitsira injini ndi kutsitsa magalasi ngakhale kukutentha. Nyani akamakuwa mwamphamvu ali pamwamba pa mtengo, onse atayang'ana mbali imodzi, pansipo pali china chake. Nswala imafwenthera mokweza ikaona nyalugwe. Gulu la mbidzi likasiya kudya n'kuloza makutu kumodzi, wojambula atsate kumene zikuyang'ana, osati mbidzizo. Miimba yozungulira m'mwamba sinena zambiri, koma miimba yotsika mofulumira kapena yodzaza mtengo umodzi imanena kuti pali nyama yakufa, ndipo ikakhala kuti yakhala mumtengo osatera pansi, mwini nyamayo adakali pomwepo. M'mawa, matayala a magalimoto ena asanafafanize, msewu wa mchenga umaonetsa mapazi a usiku wonse. Phazi la mkango ndi lalikulu, lopanda zikhadabo. La fisi lili ndi zikhadabo. Phazi lopondedwa pamwamba pa mzere wa tayala la dzulo madzulo ndi latsopano.

Za kamera, zofunika si zambiri. Lenzi yofika mamilimita 300 kapena 400 imakwanira nyama zikuluzikulu, ndipo pa njovu za pa dziwe nthawi zambiri imakhala yotalika kwambiri, moti lenzi yaifupi yojambula gulu lonse ndi thambo imapereka chithunzi chabwino koposa. M'galimoto simukwanira choimikapo kamera cha miyendo itatu. Ojambula ambiri amasoka kathumba ka nsalu yolimba, n'kuthiramo nyemba kapena mpunga, n'kukaika pa windo kuti lenzi itsamirepo. Injini ikamalira galimoto imanjenjemera, ndipo chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino ngakhale kamera ikhale yodula chotani. Pa nyama yoyenda, liwiro lojambulira la 1/1000 ya sekondi ndi poyambira pabwino.

Adani awiri a wojambula m'chilala ndi fumbi ndi kutentha. Fumbi la Hwange ndi losalala kwambiri ndipo limalowa paliponse. Kusintha lenzi magalasi ali otsegula n'kuitana madontho pa zithunzi zonse zotsatira. Nsalu yokutira kamera pamene sikugwira ntchito imathandiza. Kutentha kumabweretsa vuto lina limene atsopano amaganiza kuti ndi kuwonongeka kwa lenzi: kuyambira cha m'ma 10 koloko mpweya wa pamwamba pa nthaka umayamba kuvina, ndipo nyama yakutali imaoneka ngati ili m'madzi. Palibe lenzi yothetsa zimenezi. Yankho ndi kujambula zapafupi zokha masana, n'kusunga zakutali mpaka m'mawa kapena madzulo. Komabe fumbi lomwelo limasanduka bwenzi ola lomaliza dzuwa lisanalowe. Njovu zikamadzithira dothi dzuwa lili kumbuyo kwawo, mpweya wonse umafiira, ndipo zithunzi zambiri zotchuka za Hwange zinajambulidwa pa ola limenelo. Amene ali ndi foni yokha asadandaule: njovu za pa Nyamandhlovu kapena pa damu la Masuma zimafika pafupi ndi nsanja mokwanira.

Njovu ya m'chilala siyofanana ndi ya m'dzinja. Yatopa, yapanikizika ndi zinzake, ndipo yaikazi yokhala ndi mwana wofooka sichedwa kupsa mtima. Kukupiza makutu pang'onopang'ono ndi kudziziziritsa chabe. Koma ikatambasula makutu n'kuwaimitsa, kukweza mutu, kuupukusa mwamphamvu, kapena kugwedeza phazi limodzi lakutsogolo, ikunena kuti galimoto yayandikira kwambiri. Yamphongo imene ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu komanso mkodzo ukudontha m'miyendo yakumbuyo ili pa nyengo yaukali, ndipo imeneyo imapatsidwa msewu wonse. Lamulo losavuta ndi lakuti nyama ndiyo isankhe mtunda. Njovu ikabwera yokha pafupi ndi galimoto yoima phee, kawirikawiri imadutsa mwamtendere. Galimoto ikamapita kwa njovu, kapena ikalowa pakati pa mayi ndi mwana, nkhani imasintha.

Malamulo a nkhalango amanena zomwezo m'njira yawo: liwiro lisapitirire makilomita 40 pa ola, osachoka mumsewu, osatuluka m'galimoto kupatula pa nsanja ndi malo opumira, ndipo aliyense akhale atafika ku kampu dzuwa lisanalowe. Ena mwa malo opumirawa, monga Ngweshla, Kennedy ndi Masuma, amalola gulu limodzi kugona usiku ngati lasungitsa malo, ndipo amene anagonako amadziwa phokoso la njovu mazana zikumwa mumdima.

Galimoto nayonso ikonzekere. Misewu yozungulira Main Camp imayendeka ndi galimoto yokwera bwino, koma kum'mwera kuli mchenga wakuya wofuna yokoka matayala onse anayi, ndipo kumpoto cha ku Sinamatella ndi Robins kuli miyala ndi zigwembe. Mumchenga, kuchepetsa mpweya m'matayala kumathandiza, bola pampu yobwezera mpweyawo ilipo. Mafuta ndi bwino kuthira okwanira ku tauni ya Hwange kapena ku Victoria Falls. Netiweki ya foni imatha mukangotalikira kampu, ndipo m'misewu ina mutha kudutsa maola osakumana ndi galimoto ina. Madzi akumwa akhale ochuluka kuposa amene mukuganiza, chifukwa kutentha kwa Okutobala kumayandikira madigiri 40. Galimoto ikafa, munthu akhale momwemo. Kuyenda wapansi kukafuna thandizo m'nkhalango ya mikango ndi njovu zaludzu ndiko kumapha.

Kuchokera ku Lilongwe njira yake ndi ya Mchinji, Chipata, Lusaka, Livingstone, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls, n'kutsika msewu wa ku Bulawayo. Ndi ulendo wa masiku awiri, ndipo inshulansi ya COMESA imagwira ntchito m'maiko onse atatu. Ndi njira imene agogo ambiri a ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia anaidziwa kale m'njira ina, popita kukagwira ntchito ku mgodi wa malasha wa Wankie, dzina lakale la Hwange. Zidzukulu zawo zidakalipo, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amazivomereza. Mlendo wochokera kuno asadabwe akayankhidwa m'chinenero chake pa malo othirira mafuta.

Amene sangakwanitse ulendo wautali chotero atha kuphunzira luso lomweli pafupi. Lengwe, ku Chikwawa, ili ndi maiwe opoperedwa madzi ndi tinyumba tobisalamo, ndipo m'chilimwe nyala, njati ndi njiri zimabwera pamaso penipeni. Ku Vwaza njovu zimatsikira ku nyanja ya Kazuni, ku Kasungu kuli damu la Lifupa. Liwonde ndi Majete, zimene zili m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira 2015 ndi 2003, zimalola munthu kuyendetsa yekha galimoto. Kumeneko nkhani ya madzi ndi ina chifukwa Shire sauma. Mu 2024 momwemo, minda ikupserera, nyanja ya Malawi inakwera mpaka kumiza malo ena ogona alendo ku Mangochi, ndipo Shire anali wodzaza. Chimene chimatha ku Liwonde ndi msipu wa kumtunda, ndiye nyama zimatsikira ku madambo a m'mbali mwa mtsinje. Chenjezo limodzi la kuno: ku Liwonde ndi ku Majete kuli zipembere. Foni ndi makamera amakono amalemba m'chithunzi malo enieni amene chajambulidwa, choncho wojambula chipembere azimitse zimenezo ndipo asatchule malo poika chithunzi pa Facebook.

Funso lovuta limatsala pa zimene munthu ajambule. Mlendo wa m'chilala adzakumana ndi mtembo wa njovu m'mbali mwa dziwe, fungo lake likufika m'galimoto, afisi ndi miimba zili pomwepo. Adzaona mwana wa njovu akuyenda yekha. Ena amatembenuza kamera kuti abwerere kwawo ndi dzuwa lofiira lokhalokha, ena amathamangira imfayo ngati chionetsero. Mlembi akuona kuti mtembowo ujambulidwe, patali ndi mwaulemu, n'kulembapo mwezi ndi chaka, chifukwa zithunzi zotere za mu Disembala 2023 ndi zimene zinapangitsa dziko kudziwa zimene zinkachitika. Zithunzi zoterezi zimakhudzanso mkangano wa kuchuluka kwa njovu, umene sudzatha msanga. Kalembera wa pa ndege wa 2022 anapeza njovu pafupifupi 227,900 m'chigawo cha KAZA, chimene chimalumikiza nkhalango za Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe. Mu 2024 Namibia inalengeza kuti ipha nyama 723, kuphatikizapo njovu 83, kuti anthu anjala adye, ndipo Zimbabwe inatsatira ndi chilengezo cha njovu 200. Ena amati mijigo ichepetsedwe, monga inachitira nkhalango ya Kruger ku South Africa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kuti nyama ziziyenda ndipo zomera zipume. Ena amayankha kuti Kruger ili ndi mitsinje, pamene kutseka mijigo ya Hwange lero kungaphe nyama zikwizikwi m'chilimwe chimodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene woyendetsa yekha galimoto angachite chimene kamera singachite. Alonda ndi ochepa, nkhalango ndi yaikulu, ndipo kawirikawiri mlendo ndiye woyamba kufika pa dziwe lakutali m'mawa. Akapeza pampu yasiya kupopa, njovu yatitimira m'thope ikadali moyo, nyama ili ndi msampha wa waya m'khosi, kapena mtembo umene minyanga yake isanachotsedwe, alembe dzina la dziwe ndi nthawi, n'kukanena ku ofesi ya kampu yapafupi tsiku lomwelo. Asayese kuthandiza yekha, ndipo asaponye chakudya kapena kuthira madzi pansi. Magulu monga Friends of Hwange, amene anayamba pambuyo pa chilala cha 2005, amagwira ntchito ndi ZimParks kukonza mapampu, ndipo mu Okutobala dziwe limene pampu yake yafa limatha kusanduka thope m'masiku ochepa okha.